Dzina linatuluka pa foni silinali lake, koma ndinatumizabe

Pali funso limene limandibwererabe ndikamachonga makope a ana usiku. Anandifunsa ndi mtsikana wa ejenti, mmodzi mwa aja amakhala pansi pa maambulera pafupi ndi depoti ya Kasungu. Ndinamupatsa nambala ndi mpukutu wa ndalama, iye n'kudinadina pa kafoni kake, kenako anaima. Anandiyang'ana kumaso.

"Amayi, dzina latuluka apa ndi la munthu wamkazi. Mukumudziwa?"

"Eya, ndi alamu anga."

Linali bodza. Dzinalo ndinali ndisanalimvepo chibadwire. Mtsikanayo anagwedeza mutu, n'kudina, K170,000 n'kupita. Kuberedwako ndinakuvomereza patapita miyezi ingapo. Chimene chikukana kuchoka mumtima ndi bodza langalo. Munthu anayesa kunditsina khutu, ine n'kuikira kumbuyo wakuba amene ngakhale nkhope yake sindinaione.

## Ndalama za soya

Mng'ono wanga, mzime wa kwathu, anasankhidwa kupita ku Bunda. Ndi woyamba pabanja pathu kuponda yunivesite. Atakhalako milungu ingapo anandiimbira kuti popanda laputopu sizikuyenda. Manotsi amabwera pa intaneti, ntchito amafuna yotayipa, ndipo iye amadikira kuti mnzake wa m'chipinda agone kuti abwereke yake, n'kumalemba mpaka tambala woyamba.

Nonse mukukumbuka mmene mitengo inathawira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. M'mashopu omwe ndinafunsa ku Lilongwe, laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito koma yabwinobwino ankaitchula pa hafu miliyoni kupita m'mwamba. Pa malipiro a mphunzitsi wa pulayimale, ndalama imeneyo ndi phiri.

Mu June 2024 Amayi anagulitsa matumba 6 a soya. Anabwera ku boma ndi K240,000 yokulunga m'kapepala ka shuga, n'kumanganso m'kansalu. Ine ndinaonjezerapo K100,000. Pondipatsa anati, "Iwe ndiwe wophunzira, ukadziwa kogula." Mawu amenewa ndimawamvabe.

## Bambo waulemu

Tsamba logulitsa malaputopu ndinalipeza pa Facebook Lachiwiri usiku. Zithunzi zowala, malaputopu atandandalikidwa pa tebulo lagalasi, ndemanga pansi pake mbwee: "Zikomo bwana, katundu wafika ku Karonga," "Anthu okhulupirika awa." Panali HP Core i5 ya K365,000. Ndinalemba uthenga, ndipo pasanathe mphindi zisanu foni inalira.

"Muli bwanji aphunzitsi?"

Ndinali ndisanamuuze kuti ndine mphunzitsi. Nthawi imeneyo ndinangomva kukoma. Lero ndikudziwa kuti mphindi zisanuzo anali pa tsamba langa, akuona zithunzi za ana anga a Sitandade 6 ndi zija ndinavala yunifolomu ya Chigwirizano. Anali bambo wa mawu ofatsa, wosathamanga polankhula. Anandifunsa kuti laputopuyo ndi ya ndani, ndipo nditamuuza za mng'ono wanga anati, "Mulungu alemekezeke, atsikana athu aziphunzira. Mayi akunyumba nawonso ndi a Chigwirizano." Kenako anafunsa, "Nanga muli ndi zingati m'manja, aphunzitsi?" Ndinanena zoona zokhazokha: K340,000. Anapumira m'mwamba ngati munthu amene akuluza, n'kuvomera.

Sindinali wogona tulo. Ndinamuuza kuti ndili ndi msuweni ku Area 25 amene angabwere kudzaiona. Sanakane. Anati palibe vuto, kungoti mawa lake akupita ku maliro ku Ntcheu, ndipo mnyamata wa m'shopu sakudziwa za mtengo tagwirizanawu, komanso pali bambo wina wa ku Salima amene akuifuna yomweyo. Kuti mtima wanga ukhale pansi, ananditumizira chithunzi cha chiphaso cha unzika, ndi china cha katoni yomata bwino, pamwamba atalembapo dzina langa ndi nambala yanga ndi cholembera chakuda. Anati ndingotumiza theka, lotsalalo ndikalandira.

Kuona dzina lako pa katoni kumachita kanthu m'mutu. Umamva ngati katunduyo ndi wako kale, wangotsala kufika. Lachisanu madzulo ndinatumiza K170,000 ndi K12,000 ya basi kuchokera pa foni yanga. Dzina lomwe linatuluka linali lomwe lija la pa chiphaso. Ndinagona bwino.

## Loweruka pa depoti

Cha m'ma 10 koloko m'mawa anandiimbira ali pamalo aphokoso. Kumamveka mahutala, oitanira akukuwa, wina akutsatsa madzi ozizira. "Aphunzitsi, katundu wakwera. Basi yake ndi yopita ku Mzuzu, nambala ya kondakitala ndakutumizirani." Ndinasamba, ndinavala, n'kuika K170,000 yotsalayo m'kathumba ka m'kati mwa chikwama. Pangano linali loti ndidzatumiza laputopu ili pamiyendo panga, nditaiyatsa.

Msewu wa M1 ndimaudziwa ngati njira ya kudimba. Ndinakhala pa benchi ndikuwerengera mumtima: pano adutsa Lumbadzi, pano akuyandikira Mponela. Kunali kamphepo ka mu June kaja kolowa m'mafupa ngakhale dzuwa lili paliwombo. Ndinagula chinangwa chokazinga kwa mayi wina, ndipo pocheza ndinamuuza kuti ndikudikira laputopu ya mng'ono wanga wa ku yunivesite. Ndinkanyadira.

Itangokwana 1 koloko inalowa foni ya nambala ija. Awa anali mawu ena, aukali, a munthu wotopa ndi ulendo.

"Madamu, ndine kondakitala. Tili pa Madisi. Abwana anu aja akuti katundu tisapereke ngati balansi sinalowe. Ndiye mukonzeretu, ife pa Kasungu sitichedwa, tingotsitsa anthu basi. Mukachedwa mukautsatira ku Mzuzu katundu wanuyu."

Anadula. Ndinaimbira bambo uja mtima uli phaphapha. Anapepesa mpaka ine ndinachita manyazi. Anati si iyeyo, ndi mnzake amene amayendetsa naye shopu, wakakamira chifukwa anaberedwapo ndi kasitomala wa ku Nkhotakota. "Inu ndimakukhulupirirani aphunzitsi, koma mnzangayu sakudziwani. Tangotumizani, basi ili pafupi. Koma mutumize pa nambala ya mayi akunyumba, yanga yadzadza."

Taonani mmene anatembenuzira nkhani. Wokayikiridwa ndinasanduka ineyo. Ndinali ndi ntchito yoonetsa kuti ndine mayi woona mtima, wosafanana ndi wa ku Nkhotakota uja. Kuchokera pa Madisi kufika pa Kasungu si patali, ndiye mphindi iliyonse inkandiluma. Ndalama zinali za m'manja, choncho ndinathamangira pa ambulera yosuluka ija.

Panali mzere wa anthu anayi. Kumbuyo kwanga kunaima bambo wina amene mwana wake ali m'kalasi mwanga, ndipo tinapatsana moni. Itafika nthawi yanga ndinawerenga nambala kuchokera pa uthenga, mtsikanayo n'kuilemba. Ndi pamene anaima n'kundifunsa funso lija.

Ndakhala ndikubwerera pa kamphindi kameneko kambirimbiri. Mutu wanga unadziwa. Chinachake m'mimba chinazizira pomwe anatchula dzinalo, chifukwa silinkafanana ngakhale pang'ono ndi la bambo uja. Yankho loona linali lalifupi: "Ayi, ndi mkazi wa munthu amene ndakumana naye pa Facebook Lachiwiri." Koma kuti nditchule mawu amenewo mokweza, pamaso pa kholo la mwana wanga wa sukulu, ineyo mphunzitsi, ndinalephera. Ndikanawatchula ndikanawamva ndi makutu anga, ndipo ndikanadziwa kuti K182,000 ya dzulo yapita kale. Sindinafune kudziwa zimenezo. Ndinafuna basi ifike.

Ndiye ndinati ndi alamu anga.

Basi yoyamba ya ku Mzuzu inafika cha m'ma 2 koloko. Ndinathamangira pakhomo n'kutchula dzina langa. Kondakitala wake anayang'ana m'kabuku kake, anatsegula ngakhale kosungira katundu pansi, n'kupukusa mutu. Ndinamuonetsa nambala ija, anati sakuidziwa. Yachiwiri chimodzimodzi. Ndikaimba foni ya kondakitala wanga inkangoitana, kenako inasiya n'kuitana komwe. Ya bambo uja inati siikupezeka. Pa WhatsApp chithunzi chake chinazimiririka, uthenga wanga n'kutsala ndi kachizindikiro kamodzi.

Ndinakhalabe. Ndinadikira basi yachitatu, yachinayi, ngakhale maminibasi ndinkawafunsa. Mayi wa chinangwa uja atayamba kulongedza beseni lake anandiyang'ana, osanena kanthu, n'kundipatsa zidutswa ziwiri zotsala. Anyamata a kabaza ankandiitana kuti, "Tiyeni madamu, kwada." Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba chifukwa sindinkafuna kuti munthu aliyense andilankhule.

## Pamsika ndine munthu wina

Chimene chimandizunguza ndi ichi. Mutandiona mumsika wa Kasungu simungandipusitse. Poto ndimamugogoda ndi chala kuti ndimve ngati ndi wolimba. Usipa ndimaununkhiza, ndimaulawa. Chitenje ndimachitambasula chonse, n'kuchipenyetsetsa padzuwa, n'kuchikwinya pakona kuti ndione ngati chili ndi sitachi wambiri. Pa kaunjika ndimatembenuza malaya kuyang'ana m'khwapa. Wogulitsa sakwiya, ndipo ine sindichita manyazi, chifukwa tonse tikudziwa kuti kumsika n'kumsika.

Bambo uja anachita chinthu chimodzi chokha chanzeru: anandichotsa mumsika n'kundilowetsa m'nyumba. Ananditcha aphunzitsi, anatchula Mulungu, anatchula maliro, anatchula mkazi wake wa Chigwirizano. Ife tinaleredwa kuti munthu wamkulu akakulemekeza sumufunsa mafunso ngati wapolisi. Munthu wopita ku maliro sumuuza kuti ayambe wayatsa kamera uone ngati shopuyo ilipodi. Ulemu umenewu ndi chuma chathu, ndipo sindikufuna kuutaya. Koma akamberembere a pa intaneti anauphunzira bwino kuposa ife eni, ndipo ndi umene amatsegulira zikwama zathu. Amaonjezerapo changu, kuti usapeze mpata wokhala pansi n'kufunsa mnzako. Akulu anati safunsa anadya phula, koma ine sikuti ndinalibe wondiuza. Wondifunsa analipo, ndinamunamiza.

## Foni ya Lachiwiri

Usiku womwewo ndinaimbira kampani ya foni. Anandithandiza mwaulemu, koma anati ndalama zonse zinatapidwa patangopita mphindi zochepa, ndipo anandilangiza kukanena kupolisi. Apa ndinaphunzira kuti ndalama ikapita molakwika, mpata woigwira umakhalapo pokhapokha ikadali mu foni ya wolandirayo. Ndinayenera kuimba nthawi yomweyo, m'malo mokhala maola asanu pa benchi ndikudikira basi. Lolemba ndinakalembetsa kupolisi. Wapolisi wake analemba manambala onse atatu, n'kundiuza kuti si ine woyamba sabata imeneyo.

Lachiwiri nthawi ya buleki, ndili mu ofesi ya aphunzitsi, inalowa foni ya mtsikana wa mawu osalala. Anati akuimba kuchokera ku kampani ya foni, nthambi yoona za chinyengo. Anatchula dzina langa lonse, anatchula K170,000, anatchula tsiku ndi ola. Anati ndalama zanga azigwira, ndipo kuti zibwerere ndingotsatira zimene andiuze. Misozi inalengeza. Ndinayamba kudina mmene ankanenera, mpaka anafika poti, "Tsopano tiuzeni nambala yanu yachinsinsi kuti titsimikize kuti ndinu eni ake."

Aphunzitsi a Sitandade 8, bambo wachikulire amene amakhala pa desiki yoyang'anizana ndi yanga, anaika kapu ya tiyi pansi. "Madamu, dulani foniyo." Ndinawayang'ana. "Dulani kaye, mukaimbe nokha ku kampaniko."

Ulendo uno ndinamvera. Nditaimba pa nambala yeniyeni ya kampani anandiuza zomwe amanena tsiku ndi tsiku pa wailesi, zomwe inenso ndinazimvapo kosawerengeka: wogwira ntchito wawo safunsa PIN ya munthu, zivute zitani. Mtsikana uja ankadziwa zonse chifukwa anali wa gulu lomwe lija. Anadziwa kuti mwezi ukutha, malipiro ali pafupi, ndipo munthu woberedwa ndi amene amagwira chingwe chilichonse chomwe wamuponyera. Ngati munaberedwapo, yembekezerani foni yachiwiriyi. Imabwera.

## Kwawo n'kuti?

Loweruka lotsatira ndinakwera njinga kupita kumudzi. Ndinapeza Amayi ali pamphasa kuseri kwa nkhokwe, akuswa mtedza. Ndinakhala pansi, ndinatenga dzanja limodzi la mtedza n'kuyamba kuswa nawo, ndipo ndinafotokoza zonse maso ali pa lichero.

Sanakuwe. Anapitiriza kuswa kwa kanthawi, kenako anafunsa, "Munthuyo kwawo n'kuti?"

Ndinati sindikudziwa.

"Mfumu yake ndani?"

Ndinakhala chete.

"Alipo amene anamuonapo, woti tingamutume?"

Panalibe. Amayi anapeta makoko, n'kunena motsitsa mawu, "Ndiye unapereka ndalama kwa mawu chabe." Sanawonjezere china chondipweteka. Anangoti mwanayo ndisamuuze mpaka atalemba mayeso, ndipo anandiphikira nsima ya nkhwani wotendera.

Amayi sanagwirepo foni ya intaneti. Koma mafunso awo atatuwo ndi omwe ndimayendera lero ndisanatumize kobiri kwa munthu wogulitsa. Kumudzi mbuzi sugula kwa munthu wopanda kwawo, chifukwa mawa mwini wake akadzaizindikira udzaloza ndani? Intaneti yatibweretsera anthu masauzande opanda kwawo, ovala bwino, olankhula bwino, ndipo ife tawalandira ngati a pamudzi.

## Zimene mng'ono wanga anandionetsa

Atatsekera sukulu, mng'ono wanga ndinamuuza. Analira pang'ono, kenako anati, "Achemwali, bweretsani foniyo." Zimene anachita m'mphindi khumi ndi zomwe ndikanachita Lachiwiri lija.

Anatenga chithunzi cha malaputopu a pa tebulo lagalasi n'kuchiika pa Google Lens. Chinatuluka pa tsamba la shopu ina ya ku South Africa, mitengo ili m'marandi. Kenako anafufuza tsamba la bambo uja, ndipo linalipobe, litangosintha dzina, tsopano likugulitsa mafoni ndi masola. Anandionetsa malo ena pa tsamba lililonse la malonda la Facebook, olembedwa kuti Page transparency, pomwe pamaoneka tsiku lomwe tsambalo linatsegulidwa ndi mayina onse omwe linakhalapo nawo. Lathuli linali la miyezi inayi yokha, ndipo poyamba linkagulitsa feteleza. Ndemanga zoyamikira zija anazitsegula imodziimodzi. Zambiri zinalembedwa masiku awiri otsatizana, ndi anthu a chithunzi chimodzi, opanda abale, opanda maliro kapena ukwati pa masamba awo. Munthu weniweni wa ku Karonga amakhala ndi azakhali ake omulembera kuti wanenepa.

Nanga chiphaso chija? Apa mpomwe ndinadabwa kwambiri, chifukwa dzina la pa chiphaso linafanana ndi la pa nambala yoyamba. Kuyambira mu 2018 bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe ndi chiphaso, ndipo ambirife tinaganiza kuti wakuba sadzakhalanso ndi pobisala. Koma ziphaso zimatayika, zimabedwa, ndipo anthu ena amanyengereredwa ndi kandalama kochepa kuti alembetse manambala omwe sadzawagwiritsa ntchito. Mwina mwini chiphaso chija ndi mlimi wina amene sakudziwa n'komwe kuti nkhope yake ikuyenda pa WhatsApp. Kuyambira pamenepo chithunzi cha chiphaso changa sinditumizira munthu wamba, ngakhale atalonjeza ngongole kapena ntchito. Ndiye dzina likasiyana, imani pomwepo. Koma likafanana, musati mwatsimikiza.

Lamulo lilipo, la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo anthu amamangidwa. Nyuzipepala zathu zakhala zikulembanso kuti ena mwa oimba mafoni achinyengo amakhala ali kale m'ndende, makamaka ya Zomba. Kukanena kupolisi n'kofunika, chifukwa manambala amatsekedwa anthu akadandaula. Tsamba lija tinalineneza, n'kupempha anzathu kuti achite chimodzimodzi. Koma ndisakunamizeni: ndalama zanga sizinabwerere.

## Mmene ndimagulira tsopano

Sindinasiye kugula pa intaneti. Kwa ife okhala kutali ndi Lilongwe ndi Blantyre, foni yatifupikitsira ulendo, ndipo ogulitsa ambiri ndi achinyamata oona mtima amene akungofuna kudya. Nsapato za ana, mabuku, ngakhale mbaula ya gasi ndinagula momwemo. Chimene chinasintha n'choti ndinabweza msika m'mutu mwanga.

Ndimapempha kuti tiimbirane pa vidiyo, katunduyo ali m'manja mwake, ndipo ndimamuuza chochita: tembenuzani, yatsani, ndionetseni kunja kwa shopu. Chithunzi amaba, koma dzanja lotembenuza chinthu pomwe iwe wanena n'lovuta kuba. Katundu akakhala wodula, msuweni wa ku Area 25 amapita, ndipo ndalama ndimatumiza kwa iyeyo, amene ndimadziwa kwawo ndi mfumu yake. Wogulitsa akayamba za maliro, za kasitomala wina amene akudikira, za nambala yodzadza, ndimangoti, "Zikomo, ndiganize kaye mpaka mawa." Woona mtima mawa amakhalapo. Sindiuzanso munthu ndalama zomwe ndili nazo. Ndipo mtengo ukatsika kwambiri kuposa wa m'mashopu onse, ndimakumbuka chikomekome cha mkuyu.

Ndimakonda kulipira ku akaunti ya banki kapena nambala ya malonda yomwe ili m'dzina la shopu yeniyeniyo, n'kusunga uthenga uliwonse. Bizinesi yokhala ndi dzina ndi khomo ikakulakwira, uli ndi kokadandaula, kuphatikizapo ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission. Mzukwa sungausumire.

Za kunja nazo zili ndi misampha yake. Chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, ambiri timadalira amayi ooda katundu ku China, a Shein ndi AliExpress, omwe umawapatsa makwacha n'kudikira milungu. Ine ndimaodetsa kwa mmodzi yekha, amene ndinafikapo pakhomo pake. Ndikagwiritsa ntchito khadi la banki, adiresi ya tsambalo ndimalemba ndekha, sindidina maulalo obwera pa meseji onena kuti katundu wanga wagwidwa ndipo ndilipire kandalama. Manambala atatu a kuseri kwa khadi, ndi kanambala kaja banki imatumiza pa foni pomwe ukulipira, n'chimodzimodzi kiyi wa nyumba. Mng'ono wanga anandiuzanso kuti kaloko kooneka pamwamba pa tsamba kamangotanthauza kuti zomwe ukulemba sizikuwerengedwa panjira, sikanena kuti mwini tsambalo ndi wolungama. Mbava nazo zimakhala ndi kaloko.

Ogulitsanso amalira. Mnzanga wina amagulitsa zitenje pa WhatsApp, ndipo anatumizapo mapisi 10 ku Mchinji atalandira meseji yoti ndalama zalowa. Mesejiyo inalembedwa ndendende ngati ya kampani, koma inachokera pa nambala wamba. Tsopano asanamange katundu amayamba wadina *211# kapena *444# kuti aone yekha ngati ndalamazo zilimodi. Chithunzi cha lisiti chomwe kasitomala watumiza sachiwerengera.

Laputopu tinagula mu October, nditatenga ngongole ku banki m'khonde ya kusukulu. Tinapita awiri ku Lilongwe. Mng'ono wanga anakhala m'shopumo pafupifupi ola lathunthu. Anazula chaja kuti aone mmene batire likutsikira, anadina batani lililonse, anayesa kamera, anabaya fulashi pabowo lililonse, n'kuuza mwini shopu kuti alembe nambala ya makinawo pa lisiti. Ine ndinkachita manyazi kuti tikumuchedwetsa. Bamboyo anangotibweretsera mipando iwiri n'kupitiriza kuthandiza ena.

## Ndinabwerera pa ambulera

Kwa miyezi inayi ndinkazungulira njira ina kuti ndisadutse pa depoti. Tsiku lina, titagula kale laputopu, ndinalimba mtima. Mtsikana uja analipo, ambulera yomweyo, kabenchi komweko. Ndinadikira kuti anthu athe.

"Mwina simundikumbuka. Mu June munandifunsa za dzina, ndinakuuzani kuti ndi alamu anga. Ndinanama. Zinali mbava."

Anandiyang'ana kanthawi. "Ndikukukumbukani amayi. Munavala juzi yobiriwira. Ndinadziwa."

Ndinamufunsa kuti anadziwa bwanji. Anati munthu wotumizira m'bale wake sawerenga nambala kawiri kuchokera pa meseji, ndipo sayang'anayang'ana kumsewu. Anati amafunsa aliyense amene wamukayikira, koma ambiri amayankha ngati mmene ndinayankhira ine. Ena amamukalipira kuti ndalama si zake, agwire ntchito yake. "Ndikanakana kutumiza, mukanangopita pa ambulera inayo," anatero. Ndinavomera, chifukwa n'zoona, ndikanapitadi.

Kenako anawerama n'kutulutsa kope la masamu pansi pa tebulo, losiyana ndi lija amalembamo ndalama zolowa ndi zotuluka. Kumapeto kwake kunali manambala a foni ondondozana, masamba awiri ndi theka. Anati ndi manambala omwe anthu anabwerera kudzalira nawo. Wina akabwera kuti atumize pa nambala yachilendo, amayamba wasuzumira m'menemo.

"Anu aja mukadali nawo?"

Ndinali nawo onse atatu, ya bambo waulemu, ya kondakitala, ndi ya mayi amene ndinamutcha mlamu wanga. Ndinawonjezera yachinayi, ya mtsikana wa Lachiwiri uja. Ndinakhala pa kabenchiko n'kumuwerengera imodziimodzi, iye akulemba ndi bolopeni yofiira ngati yomwe ndimachongera makope, n'kumabwereza nambala iliyonse mokweza kuti asaphonye.